Tsiku Limene Wailesi Anakhala Bulu

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko. Bondo lija lasiya kukuvutani, kapena mukungolikokerabe kumunda osamva za aliyense, monga mwa khalidwe lanu? Nanga amayi, chifuwa chija chinatsika? Alamu anga ndi ana onse akudzuka bwanji? Ine kuno thupi lili bwino: ndikudzuka, ndikuphika, ndikugona. Zamumtima ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Pa foni sindingazinene, chifukwa khoma la chipinda changa ndi lomwelo la galaja ya abwana, ndipo mawu amadutsa.

Zing'onozing'ono za kuno ndi zomwe zija. Denga likudontha pakona pamene pali bedi la mwana. Abwana anati aitana mmisiri, ndipo mmisiriyo ayenera kuti akubwera wapansi kuchokera kutali kwambiri, chifukwa mvula yatsala pang'ono kutha asanafike. Mnzanga wosamalira maluwa uja anasiya ntchito, ndiye ine tsopano ndikatula mphika ndimanyamula paipi yothirira. Dzino la kumanzere likundisowetsa mtendere, koma ndikulipirira.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu, Wailesi. Dzinali munamupatsa ndinu chifukwa cha pakamwa pake posatseka, ndiye musadabwe kumva kuti pakamwapo ndi pamene patigwetsera zinthu.

Mukukumbukira mmene ndinasangalalira pamene adona anamupezera malo pa sukulu imene amaphunzira mwana wawo wamwamuna. Inu munati ndiwagwadire, ndipo ndinawagwadiradi. Ana awiriwa ali m'kalasi imodzi, m'mawa amakwera galimoto limodzi. Alendo akabwera, nthawi zina adona ankamuitana Wailesi kuti adzapereke moni, n'kumawauza kuti uyu ndi mwana wa khukhi wathu, tikumuphunzitsa ndife. Ine ndili chiimire ndi thireyi m'manja ndinkamwetulira, chifukwa zinali zoona.

Chaka chino kunabwera mphunzitsi watsopano, mtsikana ndithu, woonda, woyenda ndi chikwama cha nsalu chodzaza mabuku. Iye sakhutira ndi kuti ana adziwe kuwerenga basi. Akuti aziwerenga nkhani zowatsegula maso pa chilungamo: za olemera ndi osauka, za olumala, za alendo obwera kudzafuna ntchito, za atsikana oletsedwa sukulu. Mukudziwa amene anagula mabukuwo? Adona athu omwewa, pakuti ndiwo wapampando wa komiti ya makolo. Katoni yake ndinanyamula ndine kukaika m'galimoto, ndipo kusukuluko anawajambula chithunzi ataima pakati pa ana, aliyense atakweza buku lake m'mwamba.

Mphunzitsiyu ali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Akatha kuwerenga nkhani, amaika mpando kutsogolo kwa kalasi. Mwana mmodzi amakhalapo n'kusanduka munthu wa m'nkhaniyo, anzake n'kumamuponyera mafunso, ndipo lamulo lake ndi lakuti pampandopo uyankhe zochokera pansi pa mtima. Wailesi anazikonda koopsa. Madzulo ankandikhazika pa ndowa yovundikira, lero ndine nkhalamba yosaona, mawa ndine mtsikana wogulitsa nyuzipepala, iye n'kumandifunsa kuti ndikumva bwanji. Ndinkaseka mpaka misozi, ndipo ndinkati sukulu ya anthu andalama ili ndi nthawi yosewera.

Ndiye tsiku lina anawerenga buku la bulu. Buluyo ankatunga madzi othirira munda wa munthu wolemera. Munda unali wobiriwira, koma bulu sankaloledwa kudya ngakhale tsamba limodzi, kapena kumwa padziwe limene ankalidzaza yekha. Kenako bulu anadwala, munda unauma, mwini munda anazindikira kulakwa kwake, anapepesa, natsegula chipata kuti bulu azidya nawo. Amenewo ndi mathero a m'buku, achemwali, pamene olemera amachita manyazi chithunzi chomaliza chisanafike.

Itakwana nthawi ya mpando, ana onse anakana kukhala bulu. Ndani angafune? Wanu uja ndiye anakweza dzanja. Poyamba ankayankha za m'buku momwemo, kuti msana umawawa, kuti ludzu limapweteka. Kenako mwana wina anafunsa kuti bulu akaweruka madzulo amadya chiyani. Bukulo silinanene za madzulo, ndiye Wailesi anatenga pa zimene akuzidziwa.

Anati bulu amadya zotsala patebulo, koma amayamba wadikira kuti zabwino zisankhidwire Jenerali. Anati bulu ali ndi kapu yakeyake imene imakhala pansi pa sinki, pamodzi ndi sopo ndi polishi. Anati alendo akuluakulu akamabwera, mwana wa bulu amauzidwa kuti aanule zovala pachingwe, alowe m'chipinda, asatuluke mpaka magalimoto atachoka. Ndipo ananenanso chimene sindinkadziwa n'komwe kuti anachimva: kuti mkazi wa bulu atamwalira, mwini munda anaimba foni kumaliro kufunsa ngati bulu angabwereko msanga, chifukwa kunyumba kunali phwando.

Akanangoti galu, mwina zikanapita ndi mphepo. Koma anatchula dzina. Jenerali ndi galu wa pano, ndipo palibe mwana m'kalasimo amene samudziwa, chifukwa mnyamata wa adona sakamba china, mpaka chithunzi chake anamata pachikwama. Ndiye mitu yonse inatembenukira kwa iye. Mnyamatayo analira. Panthawi yopuma anzake anayamba kumutchula kuti mwini munda, ena n'kumalira ngati abulu akamadutsa.

Ine ndinazimvera patebulo, ndili ndi mbale ya supu m'manja. Mnyamata anafotokoza zonse, mawu ndi mawu, akusisima. Palibe amene anandiyang'ana. Abwana anapitiriza kudula nyama yawo, adona anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Ndinagawa supuyo mpaka kumaliza, osataya ngakhale dontho, n'kubwerera kukhitchini.

M'mawa mwake adona anandipeza ndikusenda mbatata, ndipo analira. Misozi yeniyeni, sindikuwanamizira. Anandifunsa ngati sananditenge ngati wachibale zaka zonsezi. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo iwo Wailesi ankamuona ngati wawo, ndiye taonani malipiro ake, kuwavula pamaso pa ana a anthu. Anati mwana wawo sakudya, sakufuna kupita kusukulu. Ine ndinangoti pepani, pepani, mpeni uli m'manja, mbatata ikuda.

Tsiku lotsatira kapu yanga ya pansi pa sinki inasowa. Pashelefu ya makapu a m'nyumba ndinapeza yatsopano, yokongola, yamaluwa. Anali ataimanga kaulusi kofiira pachogwirira kuti isasokonekere ndi zinzake.

Ndinapempha ola limodzi kuti ndikachotsetse dzino, koma ndinapita kusukulu kukaonana ndi mphunzitsi uja. Anandilandira ndi manja awiri, nkhope ikuwala. Anati mwana wanga ndi wolimba mtima, anati chimenecho ndi chimene mabukuwo analembedwera, kuti ana aone zimene akuluakulu anasiya kuziona. Anandionetsa nyenyezi yagolide imene anamata pafupi ndi dzina la Wailesi pakhoma. Ine ndilibe mawu a anthu ophunzira, ndinangomufunsa ngati akudziwa kumene ine ndi mwanayo timagona. Anati sanaganizeko zimenezo, maso ake n'kulengeza misozi. Aliyense m'nkhaniyi walira, achemwali, moti misozi yatchipa.

Anati abwera kunyumba adzalankhule ndi adona, adzawafotokozere kuti mwana sanalakwe. Ndinamupempha kuti asabwere. Anabwera. Analowera kukhomo la kutsogolo, anakhala pasofa, ndipo tiyi ndi keke zimene anamwera pamenepo ndinapereka ndine. Chitseko cha kukhitchini sichitsekeka bwino, ndiye ndinamva zonse. Anayamba bwino, mawu ali olimba. Adona anamumvetsera, kenako anamufunsa mofatsa ngati akusangalala pasukulupo, ndiponso ngati akudziwa kuti komiti ikukumana posachedwa kukambirana za aphunzitsi amene apitirize chaka chamawa. Pofika kapu yachiwiri anali atagwirizana kuti zonsezi zinali sewero chabe, ndi kuti Wailesi ndi mwana waluso lopeka nkhani.

Ndimayesetsa kuti ndisadane naye mtsikanayo, pakuti nayenso ndi wolembedwa ntchito ngati ine. Koma ndikudana naye. Anayatsa moto pakhomo pa eni, iye n'kukagona kwawo. Ana a m'kalasi mwake anawaona ngati ofanana chifukwa avala yunifolomu imodzi, osafunsa kuti akaweruka wina amalowera khomo liti.

Njira imene anapeza awiriwo inali yakuti Wailesi akhalenso pampando uja, auze anzake kuti zonse ananena zinali zopeka, kuti anangobwereka dzina la galu kuti nkhani ikome. Mphunzitsi anati ndi zosavuta, mawu ochepa chabe, ndipo nkhani ithera pomwepo. Ine ndinavomera mwamsanga. Ndinaiwala kuti mwanayu anatengera inu kuuma mutu.

Ndinamunyengerera, ndinamulonjeza nsapato, kenako ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti kwa eni kulibe mkuwe, kuti denga lodonthali si lathu, kuti ngakhale bedi limene amagonapo ndi la adona. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Ababa, mundiuze chimodzi chokha chimene ndinanama, ndikanena chimenecho.” Ndinafufuza m'mutu monse, achemwali, ndinasowa. Ndinatuluka panja kukathirira maluwa amene ndinali nditathirira kale.

Lamlungu, atabwera kotchalitchi, adona anatiitana tonse awiri pabalaza. Ndinaima pafupi ndi chitseko, mwana ali pambali panga atagwira lamba wa epuloni yanga, monga ankachitira ali wamng'ono. Abwana anali kuseri kwa nyuzipepala. Mnyamata uja anali pasofa, maso ali otupa. Adona anati sakufuna kukakamiza mwana, chifukwa iwo si munthu wotero. Anati angofunsa funso limodzi, ndipo sanamufunse Wailesi, anandifunsa ine.

“A Khukhi, zimene ananena mwanayu kusukulu, ndi mmene timakhalira pakhomo pano?”

Ndikanakonda ndikanakulemberani kuti ndinangokhala chete. Ndinayankha. Ndinati, “Iyayi adona, mwanayu amapeka. Pano timakhala bwino.” Mawu anatuluka osalala, ngati mmene ndimanenera kuti chakudya chapsa. Ndinamva dzanja lake likusiya lamba wa epuloni. Sanalire, sananditsutse. Anangoyang'ana kapeti mpaka adona anati tikhoza kupita.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo nkhani inatha, popeza ndinapereka zimene ankafuna. Inathera enawo. Buku la bulu linachotsedwa pashelefu, akuti ndi lolemera kwa ana a msinkhu umenewo. Mpando uja unabwerera ku ofesi. Mphunzitsi apitiriza chaka chamawa. Mnyamata amugulira njinga yatsopano kuti aiwale, ndipo waiwaladi, akuzungulira nayo bwalo lonse galu ali pambuyo. Chithunzi cha adona ndi ana okweza mabuku chikadali pakhoma la sukulu. Zimakomera mbuzi kugunda galu, koma galu akaluma mbuzi ndi mlandu.

Sabata yatha adona anandiuza, mwaulemu ndithu, kuti akhala akuganizira za tsogolo la Wailesi. Akuti mtsikana akukula, sibwino kuti azigona chipinda chimodzi ndi bambo ake, akufunika dzanja la munthu wamkazi. Akuti teremu ikatha ndi bwino apite kwa abale, ndipo tikiti agula okha, ndi sutikesi yomwe. Zaka zonsezi chipindacho chinali chokwanira, chachepa mwezi uno. Madzulo ake abwana, amene sanatsegule pakamwa pa nkhani yonseyi, anandikumbutsa akutsuka m'manja kuti mapepala anga ondilola kugwira ntchito m'dziko lino atsala pang'ono kutha, ndipo amene amasaina ndi iwo.

Ndikudziwa zimene munganene, chifukwa ndikumva mawu anu ngakhale ndili kuno. Muti ndivule epuloni ndiwaponyere, ndinyamule mwana tizibwera. Ndaganizapo mpaka mutu kuwawa. Koma popanda mapepala amenewo kuno ine si munthu, ndipo kumeneko mukudziwa nokha kumene mankhwala a amayi amachokera. Munthu wa msinkhu wanga, wodziwa mphika wokha, ndikayambira pati? Ndiye ndikhala. Ndipitiriza kuphika, ndipo ndiziphika bwino, chifukwa manja anga sadziwa kuphika moipa ngakhale mtima utawauza.

Wailesi yanu yazima. Mwanayo sachita mwano, bola akanachita. Akadzuka amayala bedi, amandipatsa moni ngati mlendo wa m'basi, amapita kusukulu, amabwera, amachapa yunifolomu yake. M'galimoto akuti amangoyang'ana pawindo. Ndikamufunsa za kusukulu amati zili bwino. Dzulo ndinamubweretsera keke imene ndinamuphikira padera, osati yotsala, ndipo anandifunsa ngati adona akudziwa. Nditati sakudziwa, anaikankhira kwa ine.

Nditamuuza za ulendo sanadabwe. Anangofunsa ngati sukulu ya kwa azakhali ili ndi mabuku. Ndinati ili ndi ochepa, ong'ambika, ogawana ana ambiri. Anati palibe kanthu.

Tsono pempho langa ndi ili, achemwali. Mulandireni mwanayu. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yodzaza, ndipo alamu anga ali ndi mtolo wawo kale, koma ndilibe kwina koloza. Mukalankhule ndi ahedi kuti amusungire malo. Ndi mwana wakhama, amadziwa kuchapa ndi kusita, sadya zambiri, ndipo masamu angathandize nawo ana anu. Chifuwa chimamugwira kukazizira, muzimukumbutsa juzi chifukwa payekha savala. Anthu akamafunsa chimene wabwerera, auzeni zilizonse zimene mungakonde, kuti kutauni kwadula, kuti anasowa agogo ake. Amayi musawauze zonse, angadwale nazo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo ali bwino ndipo akudya. Moni kwa alamu anga, ndipo muwapepesere pasadakhale pa katundu amene ndikuwasenzetsa. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa asuweni athu onse, kwa mng'ono wathu ngati mumamuona, pakuti ine anasiya kundiyankha. Ana anu onse muwagwire mutu m'malo mwanga, ndipo muwauze kuti m'bale wawo akubwera, asamuseke kalankhulidwe. Apongozi anga, agogo ake a mwanayu, muwadziwitse kuti mdzukulu wawo adzakhala pafupi, adzamuone.

Akadzafika, akadzapuma, mudzapeze nthawi muli awiriwiri, mwina pochapa, mudzamuuze kuti sananame. Mudzamuuze kuti zonse zinali zoona, za galu, za kapu, za foni ya kumaliro, ndi kuti bambo ake akudziwa kuti zinali zoona. Ndayesa kumuuza ndekha, koma mawu satuluka. Ndipo ngakhale atatuluka sangamuthandize, chifukwa anaona ndi maso ake kuti pakamwa panga pamanena zimene womva akufuna. Inu sanakumvenipo mukunama. Kwa inu akhulupirira.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Wailesi